Ezelina Anameta Mwamuna Wake Ali Moyo

Ezelina ndi mlongo wanga. M'mimba mwa amayi athu ine ndine woyamba, iye wachisanu. Anakwatiwa ku chitengwa kwa a Mphepo, kumadzulo kwa Chulu, ulendo wa ola limodzi pa njinga kuchokera kwathu. Ndikulemba izi chifukwa nkhani yake yayenda mopotoka m'midzi muno. Ena akuti analodza mwamuna wake, ena akuti apongozi ake anamutsekera m'nyumba. Zonsezo n'zabodza. Ine ndinalipo monga nkhoswe yake, ndipo pamene ndinalakwa ndipatchulanso.

Sukulu analekeza Sitandade 6 bambo athu atamwalira. Anakwatiwa ndi Frazer Mphepo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ali ndi ana asanu amoyo, mmodzi ali kumanda. Chiyambire ubwana wake, Ezelina sadikira kuti chinthu chimugwere. Chigafa chake cha fodya amafolera mu Ogasiti, pamene anzake amayamba kuthamanga ndi udzu mitambo itada kale. Nkhuni za m'dzinja amatema chilimwe chili pakati. Frazer ndi munthu wabwino, wodziwa kulima, wosamwa, koma wochedwa kuyankhula. Ukamufunsa funso lero, yankho lake ulimva mkucha. Banja lawo layenda zaka makumi awiri ndi zisanu chifukwa mkazi amaganiza msanga ndipo mwamuna amagwira khasu osatopa.

Chinthu chimodzi chokha ndiye Ezelina anachedwa nacho. Mu Epulo, akusankha fodya, anamva kanthu kolimba m'bere lakumanzere, ngati njere ya mtedza. Sikanali kupweteka. Anakhala chete mpaka fodya atadindidwa n'kupita ku okushoni. Anaulula mu Ogasiti kwa mng'ono wake Feggie, chitsiriziro cha amayi athu, ndipo Feggie ndiye anamukokera kuchipatala. Pachipatala chaching'ono anamutumiza ku boma, ku boma anamutumiza ku Lilongwe. Kumeneko anadula kanyama kukayeza. Zotsatira zinatuluka mu Okutobala: khansa ya m'mawere. Pa nthawiyo kanthu kaja kanali katafika ngati dzira la nkhuku.

Kwathu kuno mwamuna sakamba za bere ndi mlongo wake. Nditapita kukamuona, anangondipatsa kabuku ka kuchipatala, n'kuitana mwana wake woyamba Emmie, wa Fomu 2, kuti andimasulire. Adokotala analemba kuti ayambe ndi mankhwala a m'diripi, kamodzi pa milungu itatu iliyonse, kasanu ndi kamodzi, kenako opaleshoni. Tsiku loyamba linali Lachiwiri pa 18 Novembala, koma afike Lolemba kuti amuyeze magazi. Anamwino anamuuza poyera kuti odwala ndi ambiri. Akaphonya tsikulo, malo ena adzapezeka mu Januwale, ndipo chotupa sichidikira Januwale.

Aliyense wolima fodya akudziwa Novembala. Nazale imafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Mizere iyenera kutha mvula isanagwe. Chaka chimenecho makuponi a feteleza anabwera mochedwa, ndipo pabanjapo dzina lolembedwa linali la Ezelina. Munthu wina akanangokhala pansi n'kulira. Iye anatenga milungu imene inatsalayo n'kukonza nyumba yake yonse. Anapita ndi Frazer kwa a komiti ya makuponi kukapempha kuti mwamuna akagule feteleza m'malo mwake, wokulitsa ndi wobereketsa, n'kumupatsa kuponi ndi chiphaso m'manja. Anaonetsa Emmie pamene anapachika mbewu ya mtedza, ndi muyezo wa ufa wa tsiku limodzi. Mwana wotsiriza, wa zaka zinayi, anayamba kumugoneka kwa agogo ake kuti azolowere. Anabweza mphika wa anthu umene anabwereka. Yunifolomu yake ya Chigwirizano cha amayi a mpingo anaichapa, anaisita, n'kuipinda pamwamba m'sutikesi. Frazer ankaona zonsezi, ndipo palibe anamufunsa chimene ankaganiza.

Loweruka, kutatsala masiku awiri, Ezelina anaitana Feggie kuseri kwa chigafa. Anakhala pa chitsa, anavula duku, n'kumupatsa lezala yatsopano. Feggie anameta mutu wonse mpaka mpala. Akutolera tsitsi mu pepala la shuga, anatulukira aNambewe, amayi ake a Frazer, amene ankafuna nkhuku yawo yosochera.

Feggie akuti gogoyo anaima n'kufunsa motsitsa mawu, "Wamwalira ndani?"

"Palibe, amayi," anatero Ezelina.

"Ndiye mwameta maliro a yani? Mwana wanga ndamuona pompano akutunga madzi kudambo."

Kwathu mkazi wa pabanja sameta mpala chabe. Amametedwa mwamuna wake akamwalira, maliro atatha. Kumeta mwamuna ali moyo, kwa anthu akale ngati aNambewe, ndi malodza. Kuli ngati kumuitanira imfa. Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva.

Frazer anabwera kwathu pa njinga madzulo omwewo. Anakana mpando.

"Alamu, kwagwa nkhani. Amayi akuti mubwere mawa mukatuluka m'tchalitchi."

"Matenda aja akula?"

"Ayi. Amake Emmie ameta."

"Ameta chiyani?"

"Mutu wonse."

Pano ndinene zoona. Sindinafunse chifukwa chake. Mtima wanga unapsa nthawi yomweyo. Ndinati mlongo wanga wandichititsa manyazi pamaso pa eni mudzi, ngati kwathu sitilanga ana. Za Lolemba sindinaziganize n'komwe.

Lamulungu masana tinakhala pakhonde pa aNambewe. Kuchimuna kunali gogoyo, Frazer, ndi a Duncan, malume ake a Frazer, amene ndi nkhoswe mnzanga pa ukwatiwu. Kuchikazi kunali ine, Feggie, ndi Ezelina atakhala pamphasa, duku atamanga mpaka m'nsidze. Kunkatentha kwambiri, ndipo kumadzulo mitambo inali itayamba kusonkhana.

A Duncan ndiwo anayala nkhani. Anati eni mudzi adandaula, ndipo mawu a aNambewe ndi akuti mtengwa asachoke pamudzi mpaka akuluakulu a mtundu wawo atabwera kudzaona chochita. Akuluakuluwo amakhala ku Lisasadzi, ndipo sangafike lisanakwane Loweruka.

"Loweruka?" anatero Feggie. "Kuchipatala akumufuna mawa."

"Chipatala sichithawa," anatero aNambewe. "Mwana wanga akagwa mkazi wake ali ku Lilongwe, mudzati chiyani?"

Ine m'malo mothandiza ndinatembenukira kwa mlongo wanga. Ndinamukalipira pamaso pa onse. Ndinati ndiwe mayi wa ana asanu, mkulu pakati pa amayi a mpingo, ukuchita bwanji zinthu ngati mwana wosavinidwa? Ndinati matenda si chifukwa choiwalira mwambo. Ndinayankhula nthawi yaitali, monga ndimachitira. Iye anangoyang'ana pamphasa.

Feggie ndiye anandidula. "Achimwene, nanga dazi lanulo munameta maliro a yani? Akazi anu ali moyo, tawasiya akusenda chinangwa."

A Duncan anatsokomola pobisa kuseka. Ine sindinaseke, koma ndinatseka pakamwa, ndipo mpata umenewo ndi umene Ezelina anayankhulira.

"Amayi, ndinalakwa posakuuzani. Koma tsitsili linali lopita kale. Anamwino anandiuza kuti mankhwalawa amathothola tsitsi lonse pakatha milungu iwiri. Ndinawaona ndi maso anga azimayi m'chipinda cha diripi ku Lilongwe, onse mipala. Wina wa ku Dowa anandiuza kuti lake linayamba kugwa akuphika, lina mumphika, lina pamkeka. Mwana wake analitola m'manja n'kuthawa akulira, masiku atatu osamuyandikira. Ine ndili ndi wa zaka zinayi. Ndiponso inu amayi ndinu munandiphunzitsa kuti tsitsi la munthu silitayidwa pamtunda. Mukufuna liziuluka pabwalo pano, aliyense wodutsa n'kumatola?"

Mawu otsirizawo anali a aNambewe ndithu. Komabe anapukusa mutu.

"Likanagwa lokha, bwenzi ali matenda. Koma inu mwagwira lezala."

Apa m'pamene nzeru zinayamba kundibwerera. Ndinaona kuti ndakalipira munthu wosalakwa, ndipo dzuwa likupita. Ndinayesa kukonza ndi mwambo womwewo. Ndinati, "Amayi, tiyeni tiunike bwino. Kumeta kwa maliro kumayamba ndi uthenga wa imfa. Uthenga unalipo? Kunalibe. Wometa namfedwa amachokera kubanja la womwalira. Wagwira lezala apa ndi wa kwanu? Ayi, ndi Feggie, wa kwathu. Ndiye uku si kumeta kwa maliro. Ndi kumeta wamba, ngati kwa mwana wa zipere."

A Duncan anavomereza ndi mutu. Koma gogoyo anati, "Malodza safunsa wogwira lezala."

Ndinapsanso mtima, ulendo uno ndi mbali inayo. Ndinati mwini mbumba ndine, ndipo mawa m'mawa ndimutenga mlongo wanga, wofuna alole, wosafuna aleke. Ndinadziwa polankhula kuti mawu otero amapasula banja. Mtengwa wotengedwa mokakamiza ndi abale ake kawirikawiri sabwereranso. A Duncan anandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi.

"Achimwene," anatero Ezelina, "simunditenga ngati mbuzi yogula. Ndili ndi mwamuna. Abambo a Emmie, chiyambire dzulo simunanene kanthu. Nanunso mukuopa kuti ndakulodzani?"

Frazer anali atakhala pa njerwa, akuthyolathyola kamtengo. Tinadikira. Ine ndinaganiza kuti sayankha. Atayamba kulankhula sanayang'ane munthu.

"Ine za kufa kwanga sindikuziopa. Amayi ndiwo akuopa zimenezo. Ine ndikuona zina. Mwandipatsa kuponi. Mwaonetsa Emmie mbewu. Mwana mwamupereka kwa agogo ake. Mphika wa anthu mwabweza. Lachinayi ndinatsegula sutikesi kufuna chiphaso changa, ndinapeza yunifolomu ya Chigwirizano yosita, ili pamwamba. Azakhali anga tinawaika m'manda atavala yotero, ndipo anaikonza okha chimodzimodzi. Dzulo ndikumva kuti mwameta. Ndiye ndinati munthuyu adokotala anamuuza zina zimene sakundiuza. Wadzimetera yekha maliro ake. Akupita ku Lilongwe osabwerako."

Kenako anawonjezera, "Amayi atati musachoke, ine sindinatsutse. Ndinati bola mufere pano ndikukuonani."

Ngakhale Feggie, amene pakamwa pake sipatseka, anaphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndakhala pa milandu yambiri ya mabanja, koma sindinaganizepo kuti kukonzeka kwa mlongo wanga kungaoneke ngati kutsanzika. Nditabwereza m'mutima chimodzi ndi chimodzi, ndinaona kuti munthuyo sanapenge. Zonse zimene anatchula ndi zimene amachita munthu wosiya mawu.

Ezelina anasendera pafupi naye. Mawu ake anali aukali.

"Milungu itatu mukusunga zimenezi m'mimba? Yunifolomu ndinachapa chifukwa ndikabwerako sindidzakhala ndi mphamvu yochapa, ndipo sindikufuna kukalowa m'tchalitchi ngati wochokera kudimba. Mphika ndinabweza chifukwa mwini wake ndi wapakamwa. Palibe chimene adokotala anandiuza chimene ndakubisirani. Sanandilonjeze kuti ndichira. Sananenenso kuti ndifa. Anati bwerani Lolemba. Nanenso ndikuopa, abambo a Emmie. Ndikakhudza apa ndimamva kuti chakula kuposa mwezi watha. Mukanditsekereza mpaka Januwale, wometedwa pamudzi pano mudzakhala inu, ndipo lezala adzagwira ndi achimwene angawa."

ANambewe anadzuka movutikira, atagwira mzati. "Ine sindinavomere," anatero, n'kulowa m'nyumba. A Duncan anati mkazi ndi wa Frazer, mawu otsiriza achoke kwa iye. Tonse tinamuyang'ana. Iye anangoti, "Ndamva." Anatenga makheni ake n'kutsetserekera kudambo kukathirira nazale. Bwalo linatha choncho, popanda yankho.

Sindinabwerere kwathu. Ndinagona kwa a Duncan.

Lolemba kutacha ndinapeza Ezelina ndi Feggie atavala kale, chikwama ndi kathumba ka ufa zili pakhonde, pakuti Feggie ndiye ankapita ngati gadiyani womusamalira kuchipatala. Emmie ankasambitsa ang'ono ake kuti apite kusukulu, maso ali ofiira. Frazer kunalibe. Anali atapitanso kudambo kusanayere. Galimoto ya matola yopita ku boma imanyamuka pamsika cha m'ma seveni, ndipo ikapita imeneyo ina imadutsa masana, nthawi yoti sungafike ku Lilongwe oyeza magazi asanaweruke. Kuchokera pamudzipo kukafika pamsika ndi theka la ola pa njinga.

Ndinati, "Kwera pa yanga, tizipita."

"Tidikire pang'ono."

Dzuwa linatuluka pamwamba pa mitengo ya bulugamu. Ana asukulu ananyamuka. Chitseko cha aNambewe chinali chotseka, koma katani ya pawindo inkagwedera. Ndinayang'ana kunjira ya kudambo mpaka maso anandiwawa. Feggie ananong'ona kuti mwina munthuyo wabisala dala kuti nthawi ithe, asakhale wolakwira amayi ake kapena mkazi wake. Inenso ndinaganiza zomwezo. Ndinauzanso Ezelina kachiwiri kuti tinyamuke. Anagwira chikwama, koma sanadzuke.

Kenako Frazer anatulukira, buluku litanyowa mpaka m'mawondo. Anaika makheni pansi, analowa m'nyumba, anatulutsa njinga. Anapopa tayala lakumbuyo. Anatenga bulangete, analipinda kanayi, n'kulimanga pa kaliyala ndi lamba wa chubu.

"Ndathirira kawiri, ya m'mawa ndi ya madzulo yomwe," anatero. "Kwerani, amake Emmie. Tachedwa."

Podutsa pakhomo pa amayi ake anaima, phazi limodzi pansi. "Amayi, tapita." M'nyumbamo simunachoke mawu. Anadikira pang'ono, kenako anapalasa.

Ine ndinanyamula Feggie. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, ndipo sindinapalasepo njinga chotero chichokere unyamata wanga. Mumchenga wa pafupi ndi sukulu tinatsika n'kumakankha. Tikufika pamsika galimoto inali itayamba kale kuyenda. Frazer anakuwa, anthu a pagolosale anathandiza kukuwa, ndipo inaima patsogolo pa chigayo. Anthu anakweza Ezelina ndi Feggie pamwamba pa matumba a chimanga. Mwamuna wake anamupatsira chikwama, n'kugwira m'mbali mwa galimotoyo kuyenda nayo mpaka inamusiya.

Anafika ku Lilongwe nthawi ili bwino. Magazi anapezeka okwanira, ndipo Lachiwiri anamuika diripi. Feggie akuti mankhwala ena anali ofiira, ndipo Ezelina anakhala maola anayi pampando akungoyang'ana madontho. Anabwerako Lachinayi, tsiku limene mvula yoyamba inagwa. Masiku asanu otsatira ankasanza chilichonse, ngakhale madzi. Fungo la mafuta ophikira linkamudwalitsa, moti Emmie anasamutsira mafuwa kuseri kwa khola. Frazer anagona masiku awiri pamzere wa feteleza n'kubwera ndi thumba limodzi lokha, lina akuti lidzabwera. Fodya awokera theka la munda. Emmie wajomba kusukulu masiku anayi, ndipo mayi ake akukangana naye za chimenecho ali chigonere.

Akuluakulu a ku Lisasadzi anabwera Loweruka lija. Anamva nkhani, anadya, n'kunena kuti poti munthu anapita kale palibe choweruza. ANambewe akusungabe mwana wamng'ono uja ndipo akumusamala bwino, koma m'nyumba mwa mpongozi wawo sanalowemo. Frazer akangotsokomola amatumiza munthu kudzafunsa.

Ine ndinapita kukapepesa kwa mlongo wanga chifukwa cha mawu anga a pakhonde paja. Anati wamva. Ndinamufunsa ngati chotupa chayamba kuchepa. Anati sakudziwa, masiku ena amaona ngati chachepa, ena ayi, ndipo adokotala anati n'kosatheka kudziwa msanga. Wayamba kudya phala ndi kukhala panja m'mawa. Tsiku la diripi yachiwiri alemba 9 Disembala, ndipo akuti magazi akapezeka ochepa amubweza kuti akadikire. Pamene ndikulemba pano kwatsala masiku asanu ndi limodzi, ndipo kamtsinje ka panjira ya kumsika kadzaza kawiri sabata ino.